Mwana Akamapemphera Dripi Ili Pamkono

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO.)

WOULUTSA: Moni kwa inu a kwa Kuntumanji amene mwangoweruka kumene ku minda ya mpunga. Moni kwa inu asodzi amene mukumvera muli padoko kapena m'zimbowera pakati pa nyanja ya Chilwa. Moni a ku Songani, a ku Domasi, ndi onse a m'boma la Zomba.

Nkhani ya lero ndi yolemera, choncho ngati muli ndi ntchito m'manja, iikeni kaye pansi. Tikamba za khansa ya ana. Ambiri kuno tikamva za khansa timaganiza za amayi odwala khomo la chiberekero kapena abambo amene chakudya chikukanika kudutsa kummero. Koma ana nawonso amadwala khansa, ena asanayambe n'komwe sukulu. Tikambanso za chinthu chimene anamwino, azibusa ndi mashehe oyendera ana oterewa amachiona kawirikawiri: mwana wofooka thupi, tsitsi litathothoka, koma wogwira Mulungu wake molimba kuposa akuluakulu amene akumudwazika. Ndikufuna tione zimene chikhulupiriro cha mwana wotere chimachita m'banja ndi m'mudzi, komanso mmene ife akulu nthawi zina timachipotozera.

Tiyambe ndi matenda enieniwo, chifukwa dera lathu lino likukhudzidwa kuposa mmene tikuganizira.

Khansa imene imapezeka kwambiri mwa ana a m'Malawi imatchedwa Burkitt lymphoma. Dzinali linachokera kwa dokotala wa maopaleshoni wa ku Ireland, Denis Burkitt, amene ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda. Mu 1957 anaona kamnyamata kotupa nsagwada modabwitsa, pasanapite nthawi anaonanso kena. Mu 1958 analemba za matendawa kuti madokotala anzake adziwe. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anakwera galimoto yakale n'kuyenda masabata khumi, kuyendera zipatala zoposa 50 kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndipo anadutsanso kuno, nthawi imeneyo dziko lathu likutchedwa Nyasaland. Paliponse ankafunsa funso limodzi: kodi ana otupa nsagwada chonchi mumawaona? Mayankho anasonyeza kuti matendawa amakonda malo otsika, otentha, a madzi ambiri, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje. Kumapiri kozizira ankapezeka mwa apo ndi apo.

Malo otsika, otentha, a madzi ambiri. Inu a m'mbali mwa Chilwa, ndi kuti kumeneko ngati si kwathu kuno? Kumene kuli madambo kuli udzudzu, ndipo kumene kuli udzudzu kuli malungo. Mu 1964 akatswiri atatu ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong, anapeza kachilombo m'zotupa za ana amenewa, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr. Kachilomboka pafupifupi tonse tili nako kuyambira tili ana, ndipo mwa ambiri sikavuta konse. Koma mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, chitetezo cha m'thupi chimatopa, ndipo mwa ana ochepa kachilomboka kamapeza mpata wosokoneza tizigawo ta magazi mpaka kusanduka khansa. Ndimvetseni bwino: si mwana aliyense wodwala malungo amene adzadwale khansa, ayi. Koma neti ija imene ena mwaisandutsa khoka la matemba kapena mpanda wa dimba imateteza mwana ku zambiri kuposa malungo okha.

Burkitt imathamanga. Pa khansa zonse za anthu, iyi ili m'gulu la zokula mofulumira kwambiri, moti chotupa chimatha kuwirikiza kukula kwake m'tsiku limodzi kapena awiri. Mwana amene sabata yatha anali bwinobwino, lero tsaya latupa mbali imodzi, mano akugwedera, diso layamba kutuzuka. Mwa ena chimamera m'mimba. Mwa ena chimakhudza msana, mwana n'kudzuka m'mawa miyendo itafa. Kuthamanga kumeneku n'kumene kumatisokoneza. Timati matenda a Mulungu sabwera chonchi, pali dzanja la munthu. Timayamba kukumbukira amene tinakangana naye za malire a munda, kapena amene anayang'ana mwanayo moipa pachitsime. Mwana n'kumutengera kotemera mphini, masabata n'kumapita.

Koma tamverani chinthu chokondweretsa. Khansa yomweyi, chifukwa chokula mofulumira, imamvanso mankhwala mofulumira. Ana ambiri akalandira mankhwala oyamba, pakangopita masiku ochepa chotupa chimayamba kuphwa mooneka ndi maso. Kafukufuku wochitika pachipatala cha Queen Elizabeth (Queens) ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux anagwira ntchito ya ana zaka zambiri, anasonyeza kuti pafupifupi theka la ana a Burkitt amachira ngakhale ndi mankhwala osavuta kupeza amene dziko losauka lingakwanitse. Amene afika msanga, chotupa chisanafalikire, mwayi wawo umakhala waukulu kuposa pamenepo.

(KANYIMBO KAKAFUPI.)

WOULUTSA: Tsopano ndikuuzeni za mnyamata wina amene ndinamudziwa kudzera mwa abale anga. Dzina lake ndi mudzi wake sinditchula. Anali wa zaka zisanu ndi zitatu, bambo ake msodzi, mayi ake ogulitsa matemba ouma. Banja la Chisilamu, ndipo iye ankapita ku madrasa akaweruka kusukulu. Tsaya litayamba kutupa, onse anati ndi dzino. Litapitirira anati ndi zamatsenga. Pamene ankafika ku Blantyre pakamwa panali patapotoka, chakudya chake chili phala lamadzimadzi lokha.

Mayi ake anandifotokozera zimene ankachita nthawi yobayidwa. Paja mankhwala a khansa amalowa ndi dripi, ndipo mwana woonda mitsempha yake imabisala, anamwino amafufuza kudzanja, kumkono, nthawi zina mpaka kuphazi. Ana ambiri akangoona thireyi ya majakisoni ikubwera amayamba kukuwa, ndipo palibe angawadzudzule. Iyeyu ankakweza kachala n'kunena kuti, "Anesi, dikirani kaye pang'ono." Ankatsinzina, milomo yotupa ija n'kumagwedera pamene akunong'ona duwa imene anaphunzira ku madrasa. Akamaliza ankatambasula mkono yekha n'kunena kuti, "Bayani tsopano." Ankalira ndithu, misozi inkatsika, koma mkono sankaubweza.

Pabedi loyandikana panali kamtsikana kochokera m'banja la Chikhristu, kodwala khansa ya magazi. Madzulo mayi ake akagwada kupemphera, mnyamata uja ankakhala chete mpaka atamaliza. Nayenso akamachita duwa yake ankatchula dzina la mnzakeyo. Palibe shehe kapena mbusa amene anawaphunzitsa ana awiriwa za kulolerana kwa zipembedzo. Ankangodziwa kuti mnzanga akumva kuwawa kumene ndikumva ine.

Vuto linabwera pamene zinthu zinayamba kuyenda bwino. Atalandira mankhwala maulendo oyamba, tsaya linaphwa, anayamba kudya nsima, ndipo analoledwa kukapuma kumudzi atalemberedwa m'kabuku tsiku lobwereranso. Inali nthawi yomweta mpunga. Amalume ake, omwe ndi mwini mbumba, anayang'ana mwanayo akusewera mpira wachikulunga ndi anzake n'kunena kuti, "Mlongo, mwanayu wachira. Mulungu wayankha. Ndalama ya thiransipoti tiitenga kuti, ndipo mpungawu amweta ndani?" Sanali munthu woipa. Anali munthu wowerengera zimene zili m'thumba. Mayi aja anatsala pang'ono kuvomera, chifukwa nawonso anali atatopa ndi kugona pansi pa bedi la chipatala, mtima uli kwa ana ena amene anawasiya kumudzi.

Amene anakana ndi mwanayo. Anatenga kabuku ka kuchipatala, n'kuwaonetsa amalume ake tsiku limene linalembedwa, n'kunena kuti, "Amalume, ine ndinamuuza Mulungu kuti akandithandiza ndimaliza mankhwala onse. Ndikapanda kupita ndiye kuti ndamunamiza." Amalumewo anasowa poyankha. Mawa lake anagulitsa thumba la mpunga.

Mnyamatayo ali moyo, ndipo ali pasukulu. Kamtsikana ka pabedi loyandikana kaja kanamwalira.

Ndanena zonse ziwiri dala, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Ana onse awiri ankapemphera. Amayi onse awiri ankapemphera. Amene angaime n'kunena kuti wina anachira chifukwa chikhulupiriro chake chinali chachikulu ndipo winayo anafa chifukwa chinali chochepa, ameneyo akulankhula zankhanza, ndipo akunama. Khansa zimasiyana. Ya magazi imafuna mankhwala a nthawi yaitali, zaka ziwiri kapena kuposa, pamodzi ndi magazi owonjezera ndi chisamaliro chimene ngakhale zipatala zathu zazikulu zimachipeza movutikira. Ndamvapo pamaliro a mwana munthu akunong'oneza mnzake kuti banjali likanalimbika kupemphera sizikanafika apa. Abale anga, mawu otere asatuluke pakamwa panu. Mayi amene wataya mwana wasenza kale zokwanira.

(KANYIMBO KAKAFUPI.)

WOULUTSA: Nkhani za ana okhulupirira Mulungu pakati pa khansa si za kuno kokha. A Katolika ena mwa inu munamvapo za Antonietta Meo, kamtsikana ka mumzinda wa Rome ku Italy, kobadwa mu 1930. Kanadwala khansa ya mafupa, madokotala n'kudula mwendo kali ndi zaka zisanu. Kasanadziwe kulemba kankauza mayi ake mawu oti alembe, makalata opita kwa Yesu ndi kwa Maria, ndipo kenako kanayamba kulemba kokha. Makalatawo anapitirira 100. Kanamwalira mu 1937 kasanakwanitse zaka zisanu ndi ziwiri. Patapita zaka 70, mu 2007, Papa Benedict XVI anavomereza kuti moyo wa kamwanaka unali wachitsanzo pa chikhulupiriro.

Wina ndi Carlo Acutis, mnyamata wa ku Milan amene anabadwira ku London mu 1991. Ankakonda kompyuta ndi mpira ngati anyamata athu omwewa, ndipo luso lake la intaneti ankaligwiritsa ntchito pophunzitsa za chipembedzo chake. Mu Okutobala 2006 anadwala khansa ya magazi yoopsa kwambiri, ndipo pasanathe masabata awiri anamwalira pachipatala cha ku Monza ali ndi zaka 15. Mu Seputembala 2025 Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera. Mayi ake akhala akunena poyera kuti iwo sanali munthu wopitapita kutchalitchi, ndipo kuti mwana wawoyo ndiye anawabwezera kwa Mulungu.

Sindikunena izi kuti ndikope aliyense ku mpingo wina, pakuti pulogalamu ino ndi ya Msilamu, wa CCAP, wa Seventh Day, wa Pentekoste ndi wa makolo yemwe. Chimene ndikufuna muone n'chakuti ana awiriwa, amene anthu mamiliyoni amawalemekeza lero chifukwa cha chikhulupiriro chawo, onse anali m'manja mwa madokotala. Makolo awo sanawatseke m'nyumba kuti pemphero lokha likwanira. Onse awiri anamwaliranso, wina m'dziko lolemera, pachipatala chokhala ndi zonse. Komabe palibe amene amati Mulungu anawataya.

Nanga kuno kwathu chimachitika n'chiyani? Pali aneneri ena, si onse, amene amauza mayi kuti akapitiriza mankhwala a kuchipatala ndiye kuti akukayikira Mulungu. Amamupatsa botolo la madzi kapena mafuta, n'kulengeza pamaso pa mpingo kuti chotupa chauma. Nthawi zambiri chotupacho chimakhala kuti chaphwadi, koma chaphwa ndi mankhwala oyamba aja amene mwana analandira ku Blantyre. Apa ndi pamene pali msampha. Chotupa chikaphwa sindiye kuti khansa yatha. Zili ngati moto wa pamafuwa umene mwauona kuti wazima, pamwamba phulusa lokhalokha, koma mukafukula pansi mupeza makala ali psuu. Mankhwala a maulendo otsatira aja ntchito yake ndi kuzimitsa makala obisalawo. Mukasiyira panjira, khansa imabweranso, ndipo ikabwerera kachiwiri simva mankhwala ngati poyamba. Ana ambiri amene tikanakhala nawo lero tinawataya pamenepa, mwana atasewera bwinobwino miyezi iwiri.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, WHO, limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa. M'mayiko olemera, mwa ana 100 alionse oposa 80 amachira. M'mayiko ambiri osauka ochira safika 30. Zifukwa zake si zachinsinsi: kufika mochedwa, matenda kusadziwika msanga, kusowa kwa mankhwala, ndi kusiya chithandizo panjira. Mu 2018 bungweli linakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030 ana osachepera 60 mwa 100 alionse azichira padziko lonse. Pa zifukwa zinayi zija, ziwiri zili m'manja mwa boma ndi zipatala. Koma kufika mochedwa ndi kusiya panjira, zimenezo zimagamulidwa pakhonde, pamene amalume, agogo ndi abambo a mwana akhala pansi kukambirana.

Ndisawaweruze mopitirira makolo, chifukwa ofufuza a ku Queens atacheza ndi magadiyani anapeza kuti ambiri amafunitsitsa mwana wawo atachira ndipo amawakhulupirira madokotala. Chimene chimawagonjetsa ndi umphawi. Mankhwala m'chipatala cha boma ndi aulere, inde. Koma kuchoka kwa Kuntumanji pakabaza mpaka kumsewu wa tala, minibasi mpaka m'tauni ya Zomba, ina mpaka ku Blantyre, anthu awiri, kupita ndi kubwera, kangapo konse, imeneyo ndi ndalama. Mayi akakhala kuchipatala milungu ingapo geni yake yaima, munda wamera udzu, ana otsala akudya kwa aneba. Ndipo ife a m'mbali mwa Chilwa tikudziwa mmene chuma chathu chimatengera nyanja. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona mabwato atagona pamatope ong'aluka. Chaka chotero, bambo msodzi aitenga kuti ndalama ya ulendo wa ku Blantyre?

Apa ndi pamene ndikulankhula nanu inu amayi a Mvano, amayi a Dorika, amayi a Dawa, a m'miphakati, ndi inu a banki mkhonde. Timadziwa kusonkha pamaliro. Mwana akamwalira, ufa umapezeka, nkhuni zimapezeka, matabwa a bokosi kapena nsalu ya sanda zimapezeka tsiku lomwelo. Bwanji osasonkha mwanayo akadali moyo? Kupita kukamupempherera ndi bwino kwambiri, ndipo pitani. Koma potuluka m'nyumbamo funsani kuti, "Kodi tsiku lobwerera kuchipatala ndi liti? Thiransipoti ilipo? Ana enawa atsala ndi ndani?" Mpingo kapena mzikiti umene wamweta mpunga wa mayi amene ali kuchipatala wapemphera pemphero lalikulu. Inunso mafumu, a gulupu ndi anyakwawa, mawu anu amamveka kumene mawu a namwino safika. Mukamva kuti banja lina likufuna kusiya chithandizo, liitaneni mucheze nalo.

(KANYIMBO KAKAFUPI.)

WOULUTSA: Tsopano mvetserani zizindikiro, ndipo amene muli pafupi ndi cholembera lembani. Kutupa kwa tsaya, nsagwada, diso kapena mimba kumene kukukula tsiku ndi tsiku, ngakhale mwana asakumva kuwawa. Kusawawako n'kumene kumatipusitsa. Mano ogwedera nthawi yake yoguluka isanakwane. Miyendo kufooka mwadzidzidzi. Chotupa cholimba m'mimba mbali imodzi chimene mayi amachimva posambitsa mwana wosakwana zaka zisanu, chimene kawirikawiri chimakhala khansa ya impso yotchedwa Wilms. Imeneyi imachizika ndi mankhwala pamodzi ndi opaleshoni, ndipo kuyambira 2017 ku Queens kuli chipatala cha maopaleshoni a ana cha Mercy James. Kadontho koyera pakati pa diso la khanda, kamene kamawala mukaunika ndi tochi, kapena diso loyamba kuyang'ana kumbali. Imeneyo ikhoza kukhala khansa ya diso, ndipo ikapezeka msanga moyo wa mwana umapulumuka ngakhale disolo litachotsedwa. Mwanabere wosaphwa. Kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo a LA, mwana akuyezedwa malungo osapezeka, akuyera m'manja ndi m'maso, akutuluka magazi m'kamwa kapena m'mphuno, akudandaula mafupa usiku.

Mukaona chimodzi mwa izi, musadikire kuti mwezi uthe. Uzani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, pitani kuchipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, ndipo mukapatsidwa mankhwala koma osasintha, bwererani mukanene mosaopa kuti, "Adokotala, chotupachi chikukulabe." Iwo adzakulemberani kalata yopita ku Zomba Central, ndipo kumeneko akaona kuti ndi khansa amatumiza mwana ku Queens, kumene kuli wodi ya ana odwala khansa. Akamuunika m'mimba, akatenga kachidutswa kakang'ono ka chotupa ndi singano kuti adziwe mtundu wake, kenako mankhwala amayamba.

Mankhwalawa ndi amphamvu, ndipo ndikuuziranitu kuti musadzadzidzimuke. Tsitsi limathothoka, koma limameranso. Mwana amasanza, amatuluka zilonda m'kamwa, amakana chakudya. Zimenezi sizikutanthauza kuti mankhwala akumupha. Choopsa chenicheni ndi kutentha thupi pamene ali kunyumba pakati pa maulendo a mankhwala, chifukwa nthawi imeneyo chitetezo chake chimakhala chitatsika kwambiri. Akatentha thupi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana, kabuku kali m'manja. Ndiponso khansa sipatsirana. Mwanayo adye mbale imodzi ndi abale ake, agone pamphasa yomweyo, anzake abwere kudzasewera naye.

Pali funso limene makolo amaliopa kuposa onse. Mwana amayang'ana mayi ake usiku n'kufunsa kuti, "Amayi, kodi ndifa?" Ife mwa chikhalidwe chathu timathamangira kumuletsa: "Iwe, usamalankhule zimenezo!" Timaganiza kuti tikumuteteza. Koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene wagona m'wodi waona bedi la mnzake litayalulidwa m'mawa. Amadziwa. Tikamutseka pakamwa timamusiya yekha ndi mantha ake. Mufunseni modekha kuti, "Waganiza chiyani mwanangu? Ukuopa chiyani?" Nthawi zambiri mudzapeza kuti chimene akuopa si imfa yeniyeniyo, koma kusiyidwa yekha, kapena kuganiza kuti wadwala chifukwa anachimwa, anaba shuga kapena ananyoza agogo. Muuzeni momveka kuti matendawa si chilango. Muuzeni kuti madokotala akuyesetsa, kuti simuchoka pambali pake. Ndipo akafuna kupemphera, musamulembere mawu. Musiyeni alankhule ndi Mulungu mmene akufunira, ngakhale atamufunsa kuti bwanji ine. Musamuuze kuti mwana wokhulupirira salira. Chikhulupiriro cha mwana si katundu woti timusenzetse kuti ife akulu tipepukidwe mtima.

Ndipo zikafika poti madokotala anena kuti khansayi sichizikanso, sindiye kuti chithandizo chatha. Ku Queens kuli gulu la Umodzi limene ntchito yake ndi kusamalira ana a matenda osachizika pamodzi ndi mabanja awo, ndipo chisamaliro chotere chimapezekanso m'zipatala zikuluzikulu za boma. Pali mankhwala a madzi otchedwa morphine amene amathetsa ululu waukulu, oti mayi atha kumamwetsa mwana kunyumba motsatira malangizo. Ena amaopa kuti amafulumizitsa imfa. Akaperekedwa pamlingo woyenera satero. Amalola mwana kugona tulo, kudya pang'ono, kucheza ndi abale ake, ndi kupemphera ali ndi nzeru zake. Mwana sayenera kukuwa usiku wonse ndi ululu pamene mankhwala alipo. Kafunseni.

Mwina mukufunsa kuti, nanga chimene chimatsala n'chiyani ana oterewa akachira kapena akapita? Ndikuuzani chimene ndachiona ndi maso. Mayi a mnyamata uja lero ndi amene amaitanidwa m'mudzi mwawo mwana akatupa mosadziwika bwino. Sanapite patali ndi sukulu, koma amagwira tsaya la mwana, kuyang'ana mano, n'kunena kuti, "Achemwali, mawa m'mamawa tinyamuke, ndikuperekezani." Amadziwa pokwerera, potsikira, khomo lolowera, ndi zoyenera kunyamula: chitenje chapadera, kapoto, ufa pang'ono, sopo. Amalume aja, amene anati mwana wachira, ndi amene tsopano amadzudzula amuna anzawo padoko akamva wina akuti za kuchipatala n'zotaya nthawi. Amanena okha kuti anaphunzitsidwa ndi mphwawo wa zaka zisanu ndi zitatu.

Mayi a kamtsikana kaja anabwerera kwawo ndi maliro. Koma amaimbirana foni ndi mayi a mnyamatayo mpaka lero, Mkhristu ndi Msilamu, ndipo amatchulana kuti achemwali. Ndinamva kuti kumpingo kwawo ndi iwo amene anayambitsa zoti pa zopereka za amayi pazipatulidwa kandalama ka thiransipoti ya odwala. Atafunsidwa chifukwa chake anati mwana wawo, masiku ake omaliza, ankapempherera ana ena a m'wodi powatchula mayina mmodzimmodzi, ndipo iwo sangathe kukhala manja lende pamene mwana wawo sanatero.

Pa 15 Febuluwale chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira ana odwala khansa. Ndikupempha azibusa, ansembe ndi mashehe a kwa Kuntumanji kuti Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu loyandikira tsikulo mupatule mphindi khumi, muitane mlangizi wa zaumoyo kapena namwino aime kutsogolo afotokoze zizindikiro zimene tatchula zija. Anthu amene sangapite kumsonkhano wa zaumoyo amabwera kumapemphero. Aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale ndi a ku madrasa, inu mumaona nkhope za anawa tsiku ndi tsiku, ndipo tsaya lotupa mukhoza kuliona msanga kuposa kholo limene lalawirira kunyanja. Mukaliona, musangomubweza mwana kunyumba. Pitani mukaonane ndi makolo ake madzulo omwewo.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za chakudya cha mwana amene akulandira mankhwala a khansa, makamaka zimene mayi angaphike ndi zinthu zopezeka kuno, monga phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira ndi matemba osinja, pamene mwana ali ndi zilonda m'kamwa ndipo akukana kudya. Mugone bwino, ndipo ana agone m'neti.

(NYIMBO YOTSEKERA.)